Tchenisowo yogwetsera mitengo tsiku ndi tsiku: mwafunsa, ndayankha

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi yomweyi, ena pa WhatsApp ena pa Facebook, nde ndangoti tiikambe pamodzi. Mvula yasiya, misewu ya kunkhalango yauma, anthu akufuna matabwa, mapolo, nkhuni zootchera njerwa, ndipo anyamata ambiri omwe akhala akugwira ganyu ndi makina a eni akuganiza zogula awoawo. Maina sindilemba monga mwa masiku onse, ndingotchula komwe kalata yachokera.

Funso lochokera ku Dedza: Akulu, ndatha zaka zinayi ndikugwetsa bulugama ndi paini ndi makina a bwana wina, dzuwa likalowa amandipatsa yanga basi makina nkubweza. Pano ndasonkhasonkha kangachepe, ku banki m'khonde nako andilonjeza ngongole, ndikufuna yangayanga. Kushopu ndapeza zitatu, ina yaing'ono ya Stihl MS 180, ina yopanda dzina lodziwika yangolembedwa 5800 yotchipa kwambiri, ina ndi MS 382 koma atanditchulira mtengo ndinachita kukhala pansi. Ndimadula tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Nditenge iti?

Achimwene, mawu ofunika m'kalata yanu ndi akumapetowo, oti tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Mukanati ndikufuna yosadzira mango pakhomo ndi kuduladula nkhuni kamodzi pa mwezi ndikanakuuzani kuti tengani MS 180 mudzipita, ndi kamakina kabwino ndithu pa ntchito yake, kopepuka pafupifupi 4 kg. Koma injini yake ndi ya 31.8 cc basi, anaipangira munthu wapakhomo, ndiye mukailowetsa mu bulugama wa zaka 20 kuyambira mmawa mpaka madzulo muzingoikankha, iyo izingotentha, tcheni chizingoima pakati pa mtengo, ndipo chaka sichitha musanayambe kuyenda ndi kabokosi kupita kwa makaniko. Si kuti ndi yoipa ayi, mukhala mwasenzetsa mwana thumba la chimanga la 50 kg.

Ya 5800 ija ndikuidziwa, zadzadza m'mashopu ndipo maina ake amasinthasintha koma mkati ndi chinthu chimodzi. Sindinyoza munthu amene waigula chifukwa ndalama ikuvuta, ndipo ikakhala yatsopano imadula ndithu. Vuto lake limayamba mukamaigwiritsa ntchito maola ambiri, lero chingwe cholizira chaduka, mawa pampu ya oyilo yasiya, mkuja mabauti a bledi, chitsulo chija tcheni chimayendapo, alekerera, kenako kabuleta sikumvanso zosintha, ndipo tsiku lililonse lomwe mwakhala pansi pa mtengo mukukonza makina ndi tsiku lomwe simunalandire kanthu koma ngongole ya ku banki m'khonde ikuwerenga. Ine ndaona anyamata atagula zitatu zotsatizana pa zaka ziwiri, ukaphatikiza ndalamazo nkuona kuti akanangodekha akanagula yeniyeni kamodzi.

Kusiyana kwa makina a ntchito yeniyeni ndi apakhomo sikuli pa mtundu wa penti, kuli mkati. Yantchito thupi la injini ndi lachitsulo chopepuka cha magnesium, silinda imachoka ndi mabauti ake pamwamba moti makaniko angathe kusintha pisitoni ndi maring'i mmawa umodzi inu masana mwabwerera kuthengo. Pampu ya oyilo wa tcheni ili ndi kasikuluu kowonjezera kapena kuchepetsa. Zogwirira zake anazilekanitsa ndi injini ndi masipuling'i kapena malabala kuti manja asamanjenjemere kwambiri, ndipo izi musazitenge mopepuka, amene tagwira makina nthawi yaitali timadziwa dzanzi la zala lija limene limakudzutsa usiku, makamaka nthawi yozizira ngati ya kwanu ku Dedza mu June. Fyuluta ya mpweya ndi yaikulu, imapirira fumbi. Pamwamba pa silinda pali kabatani kotulutsa mpweya kuti chingwe chisakukoke phewa poliza.

Ndiye pa zitatu mwatchulazo ine ndikuti MS 382. Ndi ya 72.2 cc, mphamvu 3.9 kW, kulemera kwake 6 kg ndi kanthu osawerengera bledi ndi tcheni, ndipo ndi mng'ono wake wa MS 381 imene ambiri a inu mwaigwirapo kale kwa mabwana anu. Gulu limeneli la ma 70 cc ndi limene limakwana munthu wogwetsa bulugama ndi paini wamkulu tsiku lonse, mphamvu ilipo koma msana ukuthabe kupirira. Ku Husqvarna anzake ndi 372 XP, 365 ndi 272 XP yakale ija, zilembo za XP zikutanthauza kuti ndi zantchito. Anthu amakangana ngati za Bullets ndi Wanderers kuti yabwino ndi iti, koma makampani onsewa ndi akale pa ntchitoyi, Stihl ndi ya ku Germany inayamba mu 1926, Husqvarna ndi ya ku Sweden inayamba kupanga matchenisowo mu 1959, onse amadziwa chimene akuchita. Chimene chigamule mlandu kwa inu si dzina koma masipeya. Musanatulutse ndalama yendani kaye, pa boma pa Dedza pompo kapena mukwere basi mpaka ku Lilongwe, funsani pisitoni ya makina amenewo, sipuloketi yozunguza tcheni, fyuluta, kapaipi ka petulo, koyilo, muone ngati akukutulutsirani pompo kapena akuti tiyitanitsa. Funsaninso makaniko amene mumamudalira kuti ndi iti imene amaimasula osayang'ana buku. Imeneyo ndiyo yanu.

China, yang'anani mitengo imene mumadula masiku ambiri, osati waukulu uja munaupeza kamodzi kumanda. Ngati ntchito yanu yambiri ndi kupatulira paini ndi kudula mapolo oti mungawakumbatire ndi manja awiri, ndiye olo ya m'ma 50 kapena 60 cc ngati MS 361 kapena Husqvarna 61 ikukwanirani, petulo imamwa pang'ono ndipo madzulo mumafika kunyumba mukadali munthu. Koma mwati bulugama, ndipo bulugama wokhwima ndi wouma mtima, nde 70 cc.

Ngati ndalama yake sinakwane pitirizani ganyu miyezi ina iwiri itatu, kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo powerengera musaike makina okha, ikaniponso matcheni awiri apadera, tupa, oyilo ndi zovala zomwe ndikambe kumapetoku. Mukaigula, matanki atatu oyamba musamaikuwitse yopanda mtengo, muiyambe mwaulemu.

Funso lochokera ku Johannesburg: Ine ndili ku Joni kuno ndimagwira pa kampani yodula mitengo m'mayadi. Ndikufuna kumutumizira makina mng'ono wanga ku Mzimba, amapeza maganyu cha ku Chikangawa. Kuno tikugwiritsa ntchito zatsopano zija MS 462 ndi 572 XP, zopepuka komanso zaukali. Koma iye wakakamira kuti akufuna Stihl 070 chifukwa ndi imene amaiona ndi akuluakulu ocheka matabwa. Ndimvere ndani?

Achimwene a ku Joni, choyamba muimbireni mumufunse kuti kodi ntchito yake ndi kugwetsa kapena kucheka matabwa, chifukwa ndi ntchito ziwiri zosiyana ndipo makina ake ndi osiyananso. 070 ndi chimakina cha 105.7 cc, chimalemera kupitirira 10 kg chopanda bledi, chimazungulira pang'onopang'ono koma ndi mphamvu ya ng'ombe, nchifukwa chake ocheka matabwa amachikonda, chimatha kutsata chipika mulitali tsiku lonse osadandaula. Koma pocheka matabwa chipika chili pansi ndipo makina atsamira pa mtengo. Kugwetsa ndi nkhani ina, ukuyenda phiri lonse makina ali paphewa, ukuwerama, ukusadza nthambi, ndipo ngozi zambiri zimachitika munthu akatopa cha m'ma 3 koloko masana manja atalema. Komanso ma 070 ambiri omwe ndawaona alibe buleki ya tcheni, bledi ikalumpha palibe choimitsa. Ine mwana wanga sindingamupatse kuti azigwetsera. Onjezanipo kuti 070 ndi imodzi mwa makina omwe achinyengo awakopera kwambiri, mtundu womwewo, chizindikiro chomwecho, koma mkati zina.

Zatsopano mukunenazo ndi zabwino zedi, MS 462 ndi 72.2 cc ngati 382 yomwe koma mphamvu ndi 4.4 kW ndipo ndi yopepukirapo. Chondidetsa nkhawa ndi chakuti zambiri mwa izo kabuleta yake imayendetsedwa ndi kakompyuta, Stihl amati M-Tronic, Husqvarna amati AutoTune. Ku Johannesburg ikavuta mumangopita kwa dila pa kona apo nkuilumikiza, nanga ku Chikangawa? Makaniko wa pa Mzimba ali ndi sikuludiraiva ndi khutu lake, amadziwa masikuluu a H ndi L osinthira petulo pa kabuleta, ndipo ndi zimenezo amaukitsa makina akufa. Mutumizireni imene iye angaikonzetse kwawoko. Paini wa ku Viphya ndi wofewa poyerekeza ndi bulugama, MS 382 kapena 372 XP imudutsa bwinobwino. Ngati akufuna makina amodzi oti azigwetsera komanso nthawi zina kuchekera matabwa, pakatikati pali gulu la ma 90 cc, MS 660, MS 661 kapena Husqvarna 395 XP, zolemera 7 kg ndi kupitirirapo koma zili ndi buleki.

Gulani kwa dila wovomerezeka osati pamsewu, sungani lisiti lolembedwa nambala ya makinawo chifukwa pa boda pa Mwanza kapena pa Dedza adzalifuna, khuthulani petulo ndi oyilo yense musanapereke kwa otumiza katundu, bledi muimasule muikulunge payokha. M'katoni momwemo ponyanimo matcheni, mafyuluta awiri, mapulagi ndi buluku lodzitetezera, kumeneko zimapezeka mosavuta kusiyana ndi kumudzi. Ndipo mumuuze mng'ono wanuyo azigwira ndi anthu a zikalata zawo, nkhalango ya Chikangawa ija inali ya mahekitala 53,000 ndipo amene tinaiona kale tikadutsa pa msewu wa M1 lero mtima umawawa ndi mmene moto ndi kudula kosabzala zaidyera.

Funso lochokera ku Zomba: Anzanga akuti ndiike bledi ya mainchesi 30 kuti ndizioneka wa serious. Komanso makina anga ndi atsopano koma akuchita ngati alibe mphamvu, ndimachita kukanikiza ndi thupi lonse.

Bledi yaitali siwonjezera mphamvu achimwene, imachotsa. Mano akachuluka injini ikukoka katundu wambiri, oyilo safika bwino kunsonga, kunola kumatenga nthawi yaitali, ndipo nsonga ili kutali ndi maso anu nde imagunda miyala ndi nthambi zomwe simunazione. Pa makina a 70 cc ikani ya mainchesi 20, ndiye kuti 50 cm, tcheni chake cha saizi ya 3/8 chimakhala ndi timano ta mkati 72. Yachiwiri ya mainchesi 25 muzisunga ya tsiku lomwe mwakumana ndi chimtengo. Ndi ya 20 yomweyo mutha kugwetsa mtengo wonenepa kuposa bledi yanu podula mbali zonse ziwiri.

Za mphamvuzo, ndisanaone makina anu ndikukayikira tcheni. Yang'anani zimene zikutuluka podula. Tcheni chakuthwa chimalavula tizipalapala tokhuthala ngati tomwe amasiya kalipentala akamapala thabwa, timagwa pa nsapato nkumamveka, ndipo makina amadzikoka okha kulowa mu mtengo inu mwangowagwirizira. Chikabuntha chimatulutsa fumbi ngati gaga, kafungo kopserera, ndipo mpamene munthu amayamba kukanikiza nkupha injini ndi bledi pamodzi. Nolani pafupipafupi, ine ndimati ukathira petulo gwiranso tupa, kawiri katatu pa dzino lililonse, kusiyana ndi kudikira chifike pofera. Tupa ikhale ya saizi yake, tcheni cha Stihl cha 3/8 chimafuna ya 5.2 mm, cha Husqvarna kapena Oregon cha 3/8 ya 5.5 mm, cha .325 ya 4.8 mm. Mupendeketse madigiri 30, muzikankha kupita kutsogolo kokha, ndipo mano a kumanja ndi a kumanzere akhale ofanana kutalika apo ayi makina azidula mokhota ngati chikwakwa. Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kachitsulo kobulungira komwe kamalamula kuti dzino liluma mozama bwanji, kamayenera kutsika pafupifupi 0.65 mm pansi pa dzino. Anyamata ena amakapala konse kuti makina aziluma kwambiri, chonde musatero, ndi kuitana bledi kuti ikulumphireni kumaso. Pa mitengo ya fumbi, yopsa ndi moto wolusa kapena yodzadza dothi la chiswe, gulani tcheni cha mano obulungira pakona, sichithamanga ngati cha mano a ngodya koma chimachedwa kubuntha. Ndipo nthawi ndi nthawi muzitembenuza bledi kuti idyeke mbali zonse.

Funso lochokera ku Kasungu: Ndine mayi wamasiye, ndinagulitsa ng'ombe ziwiri nkumugulira mwana wanga makina kuti azidula nkhuni za m'mabalani a fodya. Miyezi iwiri yokha makina aima, makaniko akuti pisitoni yapsa. Kodi anatigulitsa achinyengo?

Pepani mayi, ndamva kuwawa kwake chifukwa ng'ombe ziwiri si masewera. Kutheka kuti ndi achinyengo kulipo, koma ndikuuzeni zoona, mwa makina omwe amabwera kwa ine pisitoni itapsa ambiri wapha ndi petulo. Injini ya tchenisowo ilibe motsira oyilo ngati ya galimoto, oyilo wake amalowa limodzi ndi petulo, ndiye akachepa kapena akakhala wolakwika chitsulo chimakhulana ndi chitsulo. Mufunseni mwanayo modekha, osamukalipira kuti anene zoona, kuti ankasakaniza bwanji. Muyezo wa Stihl ndi Husqvarna ndi 50:1 ndi oyilo wabwino wa 2T, oyilo wopangidwira kusakaniza ndi petulo, ndiye kuti malita 5 a petulo oyilo 100 ml. Osayeza ndi maso kapena ndi chitsekerero cha botolo. Pitani ku famase mugule sirinji ya 20 ml, imodzi yodzadza pa lita iliyonse, basi nkhani yatha. Asakanizire m'chigubu choyera osati mu thanki ya makina, akhutchumule bwino, ndipo mmawa uliwonse akhutchumulenso asanathire. Zotchipa zija zambiri zimalembedwa 25:1, nde aliyense atsate buku la makina ake. Oyilo wa injini ya galimoto kapena wa njinga yamoto ya kabaza si 2T, asalowemo.

Palinso nkhani ya petulo wathu. Kuno ku Malawi petulo amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ku Dwangwa anayamba kupanga kale mu 1982 ndipo ku Chikwawa nako amapanga. Ethanol amakoka chinyezi komanso amafooketsa timapaipi ndi timalabala ta mu kabuleta petulo akakhalitsa. Choncho wosakaniza asapitirire mwezi umodzi, ndipo makina akati akhala nthawi osagwira ntchito akhuthule thanki nkuwaliza mpaka azime okha. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ija anthu amagula wa m'zigubu pamsewu, wina amakhala wothira parafini kapena madzi, ameneyo galimoto mwina ipirira koma tchenisowo ayi. Chinanso chimapsereza pisitoni ndi makaniko kapena mwini kutseka kwambiri sikuluu ya H kuti makina azilira mokoma ndi kusunga petulo, amalira bwinodi koma akuuma mkati.

Uzani makanikoyo amasule chotulutsira utsi mwana wanu ali pompo, asuzumire pa bowolo ndi tochi ya foni. Pisitoni yabwino imaoneka yosalala yonyowa ndi kaoyilo, yopsa imakhala ndi mikwingwirima yotsika ngati yakandidwa ndi mphaka. Ngati makinawo ndi enieni musataye mtima, pisitoni ndi maring'i zimasinthika, nthawi zina ndi silinda yomwe, koma asangosintha osapeza chomwe chinayambitsa chifukwa yatsopanoyo idzapsanso sabata yomweyo.

Funso lochokera ku Mchinji: Oyilo wakuda wochotsa m'galimoto ndingathire ku tcheni? Aliyense kuno akutero.

Ndikudziwa kuti aliyense akutero ndipo ndikudziwa chifukwa chake, ndi waulere. Koma muli tizitsulo ndi mwaye zomwe zimadya pampu ndi bledi, ndi wopyapyala nde amangouluka pa tcheni osamata, ndipo utsi wake ndi timadontho take mukupuma ndinu, kwinako kukuthera m'munda mwa mwini mitengo. Oyilo wa tcheni weniweni amanyunduka ukamugwira ndi zala ziwiri. Akasowa bola oyilo wa injini watsopano wotchipa kusiyana ndi wakuda. Poyesa lozetsani nsonga pa chitsa nkupatsa moto pang'ono, pakuyenera kuoneka kamzere ka oyilo. Ndipo petulo akamatha mu thanki oyilo akhale atatsala pang'ono, mukapeza thanki ya oyilo ikadali yodzadza dziwani kuti kabowo katsekeka.

Funso lochokera ku Mulanje: Wina akugulitsa 381 yakale akuti inachokera ku esiteti. Ndiyang'ane chani?

Yakale yeniyeni imaposa yatsopano yachinyengo, nde musaope, koma musagule usiku kapena mothamanga. Muuzeni asailize inu musanafike, mukufuna muione ikudzuka ili yozizira. Igwireni ndi chingwe cholizira chokha muinyamule m'mwamba, ikamatsika pang'onopang'ono modukizadukiza ndiye kuti mphamvu mu silinda ilimo, ikangoti thii mpaka pansi yatha. Masulani chotulutsira utsi muone pisitoni monga ndawauzira mayi a ku Kasungu, wogulitsa akakana kumasula nyamukani. Ikalira isiyeni payokha, tcheni chisamayende, kenako ipendeketseni cha kumanja ndi cha kumanzere, kulira kukasintha kwambiri ndiye kuti ikuba mpweya penapake ndipo kukonza kwake ndi kodula. Yesani buleki, yang'anani ming'alu pansi ndi pa mabauti a bledi, ndipo mudule nayo chipika chenicheni osati kanthambi. Nambala ya makina ikhale yooneka yosapalidwa, ndipo mawu oti inachokera ku esiteti akhale ndi pepala lake, mulemberane pamaso pa mboni, kuopa kuti mawa apolisi adzakupezani ndi katundu wa eni.

Poti muli ku Mulanje ndiwonjezere ichi, ndipo chikhudze onse. Kukhala ndi makina si chilolezo chodula. Lamulo la nkhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020, zilango zinakwera ndipo zida zogwidwa nazo zimatha kulandidwa. Mkungudza wa m'phiri lanulo ndi mtengo wa fuko lathu ndipo watsala pang'ono kutheratu, munthu akakutumani kumeneko kanani olo atatchula ndalama zingati. Mbawa, mlombwa ndi mitengo ina yachilengedwe musaikhudze musanafike ku ofesi ya zankhalango ya pa boma panu, konko mukafunsenso za chikalata chonyamulira matabwa. Ntchito yoyera ilipo yambiri m'minda ya bulugama, paini ndi malaina ya anthu obzala okha, ndipo bulugama ukamudula bwino chitsa chotsika chopendekeka pang'ono amaphukanso, zaka zingapo mwini munda adzakuitananinso.

Funso lochokera ku Ntcheu: Amuna anga agula makina mwezi watha. Amapita atavala kabudula ndi masilipasi, ndikawauza amati mukundilodza. Usiku amati m'makutu mukulira. Ndili ndi ana atatu, ndithandizeni mawu oti ndiwauze.

Mayi, simukuwalodza, mukuwakonda, ndipo muwapatse magaziniyi awerenge okha ndime ino. Bambo, ndikulankhula ndi inu tsopano ngati mnzanu wa ntchito imodzi. Tcheni chikamathamanga chimayenda mamita pafupifupi 20 pa sekondi imodzi, palibe munthu wochenjera woti angachotse mwendo nthawi yake. Ndipo sichicheka ngati mpeni, chimakumba nyama nkuitaya, adokotala amasowa posoka. Ine ndinanyamulapo mnzanga pa machila a mitengo ndi malaya, munthu wodziwa ntchito kundiposa, tinali tikusadza nthambi za bulugama wogwa kale cha kumadzulo, nsonga ya bledi inagunda kanthambi kobisika kunsi, makina analumpha nkutera pa ntchafu. Sanakuwe nkomwe, anangokhala pansi nkundiyang'ana, buluku lake la jini litatseguka ngati thumba, makina ali pambali akulirabe. Tinamanga ndi lamba ndi shati yanga, msewu unali kutali, ndipo mpaka lero amayenda mokoka mwendo.

Kulumphako kumachitika mbali ya pamwamba ya nsonga ya bledi ikagunda chinthu, ndiye musadulire pamenepo, chala chachikulu cha dzanja lamanzere chizizungulira chogwirira nthawi zonse, musadule chinthu chopitirira phewa lanu, ndipo mukamayenda kuchoka pa mtengo wina kupita pa wina menyani buleki. Buluku la tchenisowo lili ndi ulusi wambiri mkati umene umasololoka nkukatsamwitsa sipuloketi tcheni nkuima, limatentha inde makamaka mu October, koma mtengo wake sufika pa mtengo wa mwendo. Jombo zachitsulo kutsogolo, chipewa cholimba chokhala ndi kaukonde kumaso, magolovesi. Kulira kwa m'makutu mukumvako ndi chenjezo, makinawa amapitirira madesibo 100 pomwe khutu limayamba kuonongeka pa 85, ndipo likafa silidzukanso, zotseka m'makutu ndi zotchipa kuposa lita ya petulo.

Pogwetsa yambani mwayang'ana kumwamba, nthambi zouma, mawaya a magetsi, komwe mtengo wapendekera ndi komwe mphepo ikupita. Lambulani njira yothawira cha kumbuyo mopingasa, osati kumbuyo kwenikweni kwa mtengo chifukwa tsinde limatha kubwerera. Kamwa la kutsogolo, lomwe mumadula mbali imene mukufuna mtengo ugwere, lilowe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo, kenako dulani kumbuyo pamwamba pang'ono, koma musamalize mtengo wonse, siyani kachigawo kosadula pakati kokhuthala ngati gawo limodzi mwa magawo khumi, kameneko ndiye kamagwira mtengo ngati hinjesi ya chitseko kuti ugwere komwe mwaulozetsa. Muzikhala ndi maweji okhomera pomwe mwadula kumbuyopo, apulasitiki kapena a mtengo wolimba, achitsulo amaswa tcheni. Ana ndi anthu oonerera akhale kutali kuposa kutalika kwa mtengowo kawiri, chifukwa mudzi wonse umathamangira kulira kwa makina ndipo inu simungawamve. Mtengo ukakodwa pa unzake musalowe pansi pake ndipo musausiye choncho nkupita kunyumba. Mowa ndi makina ayi, olo wa dzulo usiku.

Ndipo mayi, inu mbali yanu, musawalole kupita okha kuthengo, pazikhala mnzawo woti angathamange kukaitana anthu, muzidziwa munda womwe ali tsiku limenelo, foni ikhale ndi moto ndi mayunitsi. M'chikwama chawo cha nsima muziikamo bandeji yaikulu ndi chitenje choyera chopinda bwino, ndipo zikhale pamwamba osati pansi pa masipanala.